Chiphapha cha Amalume ndi Sitima Zobwera M'mabokosi

Ku Mangalande kuli anthu amene amagula galimoto ili m'mabokosi. Lole imafika pakhomo n'kutsitsa chasisi payokha, injini payokha, mipando, mawaya ndi timatumba ta mabawuti, kenako mwini wake amadzitsekera m'galaja Loweruka lililonse mpaka chinthucho chitalira. Kagalimoto kamene kanatchukitsa mchitidwewu ndi Lotus Seven, kamene Colin Chapman anayamba kugulitsa mu 1957. Sikuti ogulawo ankangokonda thukuta ayi: galimoto ya m'zidutswa inkazemba msonkho umene yathunthu inkalipira. Mu 1973 kampani ya Caterham inagula ufulu wopanga kagalimotoko, ndipo mpaka lero munthu akhoza kuitanitsa kake n'kukalumikiza yekha kunyumba.

Nditamva zimenezi koyamba ndinaseka. Ndinati awa ndi masewera a anthu okhuta. Chiseko chinandithera nditakumbukira kuti inenso ndinakulira pakhomo pamene panali galimoto ya m'zidutswa. Amalume anga, atapuma ntchito yoyendetsa lole ya thonje, anakokera kwawo ku Senga Bay chiphapha cha Peugeot 404 ya bokosi kumbuyo, chopanda injini, chopanda magalasi, nkhuku zitaikiramo kale mazira. Anachikhazika pa zitsa zinayi pansi pa mtengo wa mango n'kulengeza kuti pokolola mpunga chikhala chikuyenda. Chaka sanatchule. Ine, mwana wa mlongo wawo, ndinakhala wogwira tochi ndi wotola masipanala kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Bokosi lawo silinachokere ku fakitale. Linali lomwazika dziko lonse: injini ya Datsun ku Biwi ku Lilongwe, ladiyeta kwa owotcherera a pa Kamuzu Road, mpando m'minibasi yakufa ku Nkhotakota. Zina mwa mfundo zotsatirazi ndinazitola pansi pa mtengo uja, zina ndinazitola pa doko la Chipoka, pamene nyanja yathu ili ndi nkhani zofanana ndi ya amalume, kungoti zazikulu.

1. Chinthu chachikulu chimafika chili zidutswa

Ilala timaidziwa tonse. Koma tafunsani anyamata a pagombe kuti chimphona chimenechi chinalowera kuti m'nyanja muno, pomwe mtsinje wa Shire uli ndi mathithi oti ngakhale bwato silidutsa. Muona akuyang'anana. Ilala inafika m'boma la Salima lino pa njanji, ngati matumba a feteleza. Anaipanga mu 1949 a kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, atawatuma a Nyasaland Railways. Inawoloka nyanja yamchere ili m'zidutswa mpaka ku Beira, n'kukwera sitima yapamtunda, kudutsa pa mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, n'kudzatsitsidwa pa Chipoka. Njanjiyo nayonso inali isanakalambe, poti inafika ku Salima mu 1935. Amisiri analumikiza zidutswazo ku Monkey Bay, kumene makolo ankati ku Lusumbwe, ndipo mu 1951 sitima yotalika mamita 52 inayamba ulendo umene yauyenda zaka zoposa 70.

Ndipo iyi si Ilala yoyamba. Yoyamba inabwera mu 1875 ndi amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E.D. Young, pali Robert Laws. Anailumikiza pamathiriro a Zambezi, anakwera nayo mtsinje, atafika pamathithi a Shire anaiphwasulanso, anthu anaisenza pamutu, n'kukailumikizanso kumtunda. Inalowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho.

Munthu amene anadutsa pa Chipoka nthawi imeneyo n'kuona milu ya zitsulo sakanati waona sitima. Akanati waona sikirapu. Ifenso tili ndi vuto lomweli: maso athu amaona chinthu chikatha, ndipo chikatha timadabwa mpaka kuchita nacho mantha. Mnzathu akakhoma malata pa nyumba ya njerwa zootcha, mawa lake pachitsime pamveka zoti wakhwima. Palibe amene anawerenga malata aja pamene ankabwera limodzilimodzi panjinga, akagulitsa thonje awiri, akagulitsa mbuzi limodzi, n'kumasungidwa kuseri kwa nkhokwe zaka zinayi. Amalume ankabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kachitsulo kokwana m'thumba la jekete, nkhope ili ngwee ngati abweretsa ng'ombe. Ife tinkaona kachitsulo. Iwo ankaona galimoto yachepa ndi chosowa chimodzi.

2. Chizindikiro uchilembe pamalo posafufutika

Nkhani imene ndimaikonda koposa ndi ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 n'kuikidwa ku Nkhotakota. Anaipanga a Alley & MacLellan ku Glasgow, n'kuiphwasula kukhala zidutswa 3,481. Chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti olumikiza kuno asadzavutike. Nzeru yabwino. Kenako, poopa dzimbiri, zidutswazo anaziviika m'zinki yosungunuka yotetezera chitsulo, ndipo zinki ija inakwirira manambala onse. Zitafika kwa Mponda, amisiri anapeza mulu wa zitsulo zonyezimira bwino, zosachita dzimbiri, koma zosadziwika kuti ichi mnzake ndi chiti. Zinawatengera zaka ziwiri akuyesa ichi ndi icho, ndipo sitimayo inalowa m'madzi pa 6 June 1901.

Taonani: palibe amene anaba, palibe amene anachita ulesi. Wolemba manambala anagwira ntchito yake bwino, woviika anagwiranso yake bwino. Cholakwika chinali chakuti awiriwa sanakhale pansi n'kufunsana kuti ayambe ndani. Mavuto ambiri a m'mabanja ndi m'mipingo ndi otere: anthu awiri abwino, aliyense akuteteza chinthu chomwecho, wina n'kufufuta ntchito ya mnzake osadziwa.

Amalume sanamvepo za Chauncy Maples, koma lamuloli ankalidziwa. Akamasula chinthu, mabawuti ake ankapita m'chitini chakechake cha mkaka, ndipo pachitinipo ankakanda dzina ndi msomali, osati choko, poti choko ndi cha mvula imodzi. Akamasula giyabokosi ankayala ziwalo zake pamkeka motsatana monga zatulukira, n'kuopseza kuti nkhuku ikadutsapo ikhala ndiwo. Ankati, "Mphwanga, wodziwa kumanga amaoneka pomasula." Zaka zambiri pambuyo pake ndinamva nthano ya ku Lotus yogwirizana ndi mawu amenewa. Amati malamulo a msonkho sankalola kuti bokosi la galimoto likhale ndi buku lofotokoza kalumikizidwe kake, ndiye kampaniyo inkapereka buku la kaphwasulidwe, woguliyo n'kumaliwerenga kuyambira kumapeto.

Tili ndi zinthu zambiri zimene manambala ake ali m'mutu mwa munthu mmodzi: malire a munda, ngongole za pagombe, dzina la mtengo umene agogo ankachizira chifuwa, amene anabwereka ukonde ndi amene anabweza. Mutu umenewo ukagona kumanda, otsala amakhala ngati amisiri a kwa Mponda, kungoti iwo zaka ziwiri sizikwana, ndipo nkhani imathera kubwalo la amfumu. Ouza ana awo akadali ndi mpweya amaoneka ngati akudzilosera imfa. Sakulosera kanthu, akukanda pachitini ndi msomali.

3. Kumbukira amene anasenza

Thanki yowiritsira madzi a nthunzi ya Chauncy Maples inali yolemera matani 11 ndipo sinkatheka kuigawa. Anaikweza pa ngolo ya magudumu achitsulo, ndipo Angoni 450 anaikoka mtunda woposa makilomita 100 kulambalala mathithi, m'zitunda ndi m'makwawa, tsiku lonse kuyenda makilomita ngati asanu. Zidutswa zina zonse zinayenda pamitu ya anthu. Za Ilala yoyamba, amishoni eni ake analemba modabwa kuti anthu mazanamazana amene mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anafikitsa katundu yense popanda chosowa. Maina a Young, Laws ndi Maples ali m'mabuku a sukulu. A osenzawo mulibe.

Pakhomo pa amalume wosenza anali azakhali, akazi awo. Batire inagulidwa ndi ndalama ya usipa umene iwo ankayanika pathandala kuyambira mbandakucha. Koma alendo akabwera kudzaona chiphapha, mawu anali akuti, "Ndagula batire." Mneni ameneyu, wa munthu mmodzi, ndi wakuba wamkulu m'chinenero chathu.

4. Penti siyandama

Pagombe la kwathu panali mmisiri wokhoma maboti a matabwa, aja asodzi a chilimira amamangirira injini kumbuyo. Sabata yoyamba ya boti latsopano inkakhala yotopetsa kuonera. Munthuyo ankangozungulira thabwa limodzi lalitali, msana wa boti, atakoka chingwe kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kutsinzina diso limodzi, kupala pang'ono, kutsinzinanso. Nthiti zinkabwera pambuyo, iliyonse ndi inzake ya mbali inayo, zofanana ngati mapasa. Kenako matabwa, kenako ntchito yonyansa yotsendera thonje kapena ziguduli m'mipata n'kumata ndi phula lotentha. Mlombwa ndi mbawa zinali zitayamba kale kusowa, ndipo iye ankadandaula kuti matabwa a masiku ano amamwa madzi ngati mkate.

Tsiku lina mwini boti, amene usipa unali ukumudutsa ali pamtunda, anafika ndi zitini za penti yobiriwira ndi yofiira, dzina loti lilembedwe m'mbali ali nalo kale. Anati, "Amisiri, inu mwangokakamira pamsana pomwepa? Kodi amene adzaone pansi pa boti ndani, nsomba?" Mmisiri sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Achimwene, penti siyandama. Mwera ukadzakupezani kuseri kwa Namalenje sudzawerenga dzina."

Mawu amenewo ndinawamvanso mwa mtundu wina pamene amalume anapala chasisi n'kupeza mng'alu pafupi ndi pomangirira masipuling'i akumbuyo. Mnyamata wowotcherera anati angodontheza moto pamwamba, apake phala lija amabisira mabala a galimoto, penti yakuda pamwamba, ndani adzadziwe? Amalume anakana. Anadula malo onse odyekawo, anaika chitsulo china mkati ndi kunja, ndipo ntchito imene palibe mlendo anaiyamikirapo inadya miyezi iwiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwo sankafuna kuyendetsa mkuyu.

Nyanja yathu inaphunzitsapo phunziro limeneli mwankhanza. Vipya inali sitima yatsopano, yokongola, nayonso yolumikizidwa konkuno. Pa 30 July 1946, paulendo wake wachinayi wokha, inakumana ndi namondwe kumpoto, kufupi ndi Chilumba, n'kugubuduka. Anthu 145 anafa, ambiri mwa iwo a m'chipinda cha pansi. Akatswiri ambiri akhala akunena kuti inali yolemera kumtunda kuposa mmene mimba yake ikanathera kupirira. Chikumbutso chake chili ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Wopanga chinthu chonyamula anthu amakhala atasenza miyoyo ya anthu amene sadzawaona, ndipo amaisenzera pamalo amene iwonso sadzawaona. Chimodzimodzi mphunzitsi wa Sitandade 1, mzamba, womanga maziko a chimbudzi cha sukulu. Ntchito zawo zonse ndi za pansi pa madzi.

5. Bawuti yotsala usaibise

Tinatseka giyabokosi dzuwa litalowa, udzudzu utayamba, nsima ikuzizira. Ndikusonkhanitsa zida ndinaona bawuti imodzi yatsala m'mbale. Ndinayang'ana amalume, anali akusamba m'manja ndi palafini. Ndinaiponya m'thumba la kabudula.

Anaipeza ndi azakhali pochapa. Amalume anaiika pachikhatho, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tenga mkeka." Tinatsitsa giyabokosi, tinaimasula yonse, tinawerenga bowo lililonse. Masiku awiri. Mabowo onse anali ndi eni ake. Bawuti ija inali ya pakaliyala ya njinga yawo, inagwera m'mbalemo mwangozi.

Ndinayembekezera kuti akwiya chifukwa cha masiku otayikawo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Masiku awiri ndi otchipa kuposa maliro." Chimene sanaseke nacho ndi thumba la kabudula. Anandiuza kuti kulakwitsa ndi kwa mmisiri aliyense, koma wobisa cholakwa si mmisiri, ndi mfiti yogwira sipanala. Mpaka lero ndikamva kakusowa mtendere kaja pambuyo pa ntchito imene aliyense akuti yatha, ndimadziwa kuti m'thumba muli kanthu.

6. Loto lako lisadye chakudya cha ana

Apa ndiyenera kuwaweruza amalume, ngakhale ndinkawakonda. M'chaka chachitatu anapeza matayala anayi abwino pamtengo wotsika, ndipo ndalama imene inali pafupi inali ya fizi ya mwana wawo wamkazi, amene anali Fomu 2. Anati abweza akagulitsa mpunga. Mtsikanayo anakhala pakhomo teremu yathunthu, akuyang'ana matayala anayi atsopano atatsamira mtengo wa mango, galimoto yake yopanda ngakhale mabuleki.

Usiku wina ndinamva azakhali akuyankhula motsitsa, mawu aja amene amaopsa kuposa kukalipa. "Abambo, chigalimoto chanuchi ngati ndi mitala mundiuze, ndidziwe tsiku langa. Koma mkazi mnzanga asamadye fizi ya mwana wanga." Amalume sanayankhe. M'mawa mwake matayala awiri anakwera kabaza kupita kumsika.

Anthu timakonda nkhani za olimbikira amene sanamvere aliyense mpaka anapambana. Sitifunsa kuti pamene ankalimbikirapo kunyumba kwawo ankadya chiyani. Walira mvula walira matope, inde, koma nthawi zambiri wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina. Munthu wa ku Mangalande womanga galimoto m'galaja amawononga ndalama yake yotsala. Kuno ndalama yotsala kulibe. Iliyonse ili kale ndi dzina la munthu. Sindikuti tisamalote. Ndikuti loto lizikhala ndi thumba lakelake, lodziwika kwa onse a m'nyumba, ndipo likauma liziyembekeza.

7. Mwana wopinda mawaya usamuthamangitse

Fakitale yeniyeni ya magalimoto m'Malawi muno ili kuseri kwa nyumba, ndipo amisiri ake sanafike zaka khumi ndi ziwiri. Waya wa mpanda, mphira ya chubu cha njinga yomangira mfundo, zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo ngati matayala, ndi waya wautali wofika m'chiuno wokhala ndi chiwongolero kumapeto. Amene sanapangepo amaona ngati choseweretsa chabe. Koma yang'anitsitsani kutsogolo kwake: mwana akapotoza chiwongolero matayala onse awiri amakhota pamodzi, chifukwa wawalumikiza ndi kawaya kopingasa, monga zilili m'galimoto yeniyeni. Ena amaika ndi masipuling'i, galimoto n'kumanyanyuka pamchenga. Palibe anamuphunzitsa. Anagona chafufumimba pansi pa lole yoima pamsika, n'kuba ndi maso.

Amalume atafuna kundifotokozera chifukwa chimene matayala akutsogolo ayenera kuyang'anana pang'ono, sanatenge buku. Anatenga galimoto yanga ya mawaya.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anali ndi zaka 14 pamene njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa kusukulu. Anatola zotayidwa, chokupizira cha thirakitala, mafelemu a njinga, dayinamo, mapaipi apulasitiki, n'kuimika makina a mphepo opanga magetsi pa mitengo ya bulugamu. Asanayatse babu, a m'mudzi ankati wapenga. Atayatsa, anabwera kudzatchajitsa mafoni. Pafupi ndi Senga Bay pali Salima Technical College, pamene achinyamata amaphunzira umakaniko ndi ntchito zina zamanja, koma ambiri ofika kumeneko maphunziro awo anayambira pa wailesi ya bambo awo imene anaimasula n'kukwapulidwa. Mkwapulo ndikuumvetsa, wailesi ndi yodula. Koma mukatha kukalipa, khalani naye pansi muibwezere limodzi.

8. Chimene wapanga wekha chiyesedwe ndi diso la wina

Injini inalira m'chaka chachinayi. Sitata inali isanapezeke, ndiye anyamata a pagombe anasiya kusoka maukonde n'kubwera kudzakankha, matayala akumira mumchenga, amalume akukuwa kuti "Limbani!" Inatsokomola kawiri, inaphulitsa utsi wakuda umene unabalalitsa nkhuku, kenako inagwira. Amayi a pamudzi analuluta ngati kwabadwa mwana. Azakhali amene, ndinawaona, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Amalume ankafuna tsiku lomwelo akafike ku Salima. Koma panali mnzawo wina wachikulire, makaniko wopuma ntchito, amene anapempha kuti ayambe waigwira. Anaiyendetsa mtunda wochepa, anaponda mabuleki, galimoto inathawira kumanzere ngati yaona mnzake. Anatsika, anagwedeza tayala lakutsogolo ndi manja awiri, n'kunena pamaso pa anthu onse, "Akulu, iyi isakwere tala. Mupha ana a eni." Amalume sanamuyankhulitse sabata yathunthu. Sabata yachiwiri anapita okha kukamutenga, atanyamula chambo chiwiri.

Wopanga chinthu saona chilema chake, monga mayi saona kuti mwana wake ndi wamakani. N'chifukwa chake ku Mangalande galimoto yolumikizidwa kunyumba siloledwa pamsewu isanapimidwe ndi oyesa a boma, amene amayang'ana mabuleki, magetsi, malamba, ngakhale nsonga zakuthwa zimene zingacheke woyenda pansi. Kunonso galimoto imafunika chiphaso cha COF chochokera ku Road Traffic. Timadandaula ndi mizere ya kumeneko, koma ganizo lake ndi lolungama: msewu si wa iwe wekha.

Ndipo apa panatulukira bawuti ina yotsala, yaikulu kuposa yanga ija. Chiphapha chija amalume anachigula chopanda bulubuku, injini nayo inali ya galimoto ina yopanda mapepala. Zaka zinayi akumanga, sanapite n'kamodzi komwe kukafunsa kuti galimoto yotere imalembetsedwa bwanji. Ankaopa yankho. Safunsa anadya phula, koma woopa kufunsa amadya phula akulidziwa.

Mmisiri wa maboti uja anali ndi mwambo wake. Boti latsopano likakankhidwira m'madzi, woyamba kukwera anali iye, yekha, wopanda chokapira madzi. Ankapita nalo mpaka pakuya, n'kukhala pamenepo anthu akumuyang'ana. Ndimalakalaka onse otipangira zinthu, milatho, malamulo, mankhwala, ndondomeko za sukulu, akanamayamba akwera okha chomwecho.

9. Chosafika kumene unkafuna sichinapite pachabe

Chauncy Maples anaipangira kunyamula amishoni, aphunzitsi ndi odwala. Nkhondo ya 1914 itabuka inanyamula asilikali. Pambuyo pake inakhala ya usodzi, kenako anaikonzanso kukhala yonyamula anthu ndi katundu, mpaka inakapuma ku Monkey Bay. Amene anakanda manambala aja ku Glasgow sakanalota n'theka lomwe la moyo umenewu. Chitsulo chabwino chimapeza ntchito, ngakhale isakhale imene mwini wake anachiitanira.

Galimoto ya amalume sinakwere tala. M'chaka chachisanu ndi chimodzi maso awo anachita ng'ala, ndipo munthu amene ankamva kukula kwa bawuti ndi zala anayamba kuphonya bowo la sipanala. Tsiku lina anangoti, "Mphwanga, tenga mkeka," ndipo tinayamba kumasula, mwadongosolo lomwe lija, chilichonse m'chitini chake. Ndinkaganiza kuti alira. Ankaimba mluzu.

Injini ya Datsun inagulidwa ndi munthu wa matola, ndipo inayenda zaka zambiri pakati pa Salima ndi Senga Bay itasenza amayi a madengu a usipa. Amalume ankaizindikira kulira kwake ili kutali, n'kuimitsa nkhani kuti aimvere. Ndalama yake inamalizitsa Fomu 4 mtsikana uja. Batire inayatsa wailesi. Zitseko ziwiri zinakhala chipata cha khola la mbuzi, china chikadali ndi chogwirira chake chonyezimira. Mpando wa minibasi unapita pakhonde, pamene azakhali ankakhalapo madzulo akusankha mpunga, n'kumati tsopano mkazi mnzawo wayamba ulemu. Ine ndinatsala ndi sipanala ya 13 ndi chizolowezi chowerenga mabowo.

Ekiselo yakumbuyo, pamodzi ndi matayala awiri amene anapulumuka kumsika aja, anaipereka kwa mlamu wawo amene anali ndi ng'ombe ziwiri. Anakhomapo bokosi la matabwa n'kukhala ngolo. Inatuta mpunga wa ku Lifuwu, mchenga, njerwa za tchalitchi, ndi mkwatibwi mmodzi.

Dzinja lina mvula inadula msewu wa kumudzi, ndipo amalume anadwala usiku moti sakanatha kukhala pa njinga. Galimoto iliyonse imene tinaiimbira inati siingafike. Tinayala matiresi m'ngolo muja, tinawagoneka, azakhali atawapakata mutu, ine ndikuyenda pambali ndi tochi monga kale. Ng'ombe zinkaterereka m'matope, achule akusokosera m'madambo, tala ili kutali makilomita angapo. Tili pakati pa ulendo ndinaona akutukula dzanja. Ndinaimitsa woyendetsa ng'ombe n'kuwerama, mtima uli m'mwamba, kuti ndimve chimene akufuna kutisiyira.

"Mphwanga," anatero, maso ali chitsinzinire, khutu atalozetsa pansi pa matabwa. "Beringi ya kumanzereyo. Ikufuna girizi."